Fizi ya ku Harvard ndi anzake: mayankho kwa makolo opezako bwino

Chilengezereni yunivesite ya Harvard mu Malichi 2025 kuti mabanja ena sazilipiranso fizi, foni ya ofesi yathu yolangiza ophunzira sikupuma. Ambiri oimba ndi makolo a ku Malawi okhala kuno ku America, anamwino ndi akatswiri a makompyuta, osauka ayi koma olemeranso ayi. Ena akuti tinawanamiza. Nawa mayankho.

Mtengo wake ndi wotani?

Ku Harvard, chaka cha 2025–26, pafupifupi $87,000, kuphatikizapo chipinda ndi chakudya.

Ndiye za ulerezo ndi zoona?

Ndi zoona, koma zili pawiri. Banja lopeza $100,000 kapena kucheperapo pa chaka sililipira kanthu. Kuyambira pamenepo kufika $200,000, imene imachotsedwa ndi fizi ya m'kalasi, pafupifupi $59,000, ndipo zogona ndi zakudya zitha kukugwerani ndithu. Yunivesite ya MIT inaika malire omwewo. Ya Princeton inakweza kufika $150,000 ndi $250,000.

Timapeza $180,000. Nanga bwanji atiuza kuti tilipire zambiri chonchi?

Apa ndi pamene pagona mkangano, ndipo tiyankha mosamala chifukwa ofesi ino siwerengera sukulu iliyonse ndalama. Malire aja amagwira ntchito kwa banja lomwe katundu wake ndi wapakatikati. Fomu yopemphera thandizo ya CSS Profile, yomwe sukulu zambiri zoterezi zimafuna, imafunsa zambiri kuposa fomu ya boma yotchedwa FAFSA: ndalama za kubanki, bizinesi, nyumba. Nyumba yomwe mukukhalamo Harvard siiwerengera, koma sukulu zina zimaiwerengera. Nyumba yachiwiri ndiye katundu basi, kaya ndi ija mukumanga pang'onopang'ono ku Area 49 imene mpaka pano ilibe denga. Tikudziwa kuti zimawawa, koma musaibise. Ngati banja linatha, nthawi zambiri kholo linalo limafunsidwanso zopeza zake, ngakhale lisatumize n'kobiri komwe.

Timvanso ambiri akuti, "Nanga ndalama timatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi zija?" Sizichotsedwa zokha. Mutha kulemba kalata yofotokoza, n'kuikapo malisiti, koma kuvomera kapena kukana zili kwa sukuluyo. Ife sitinalonjezepo munthu kuti zitheka.

Mwana wathu ndi wanzeru zedi. Sangamupatse sikolashipu?

Ku sukulu za Ivy League, gulu la mayunivesite otchuka monga Harvard ndi Princeton, ayi. Thandizo lawo limatengera kusowa kwa banja, osati magiredi kapena masewero. Yofupa nzeru ikasakeni ku sukulu zina.

Tili ndi ana awiri ku koleji nthawi imodzi.

FAFSA inasiya kuchotsera pa chifukwa chimenechi kuyambira 2024–25. Sukulu zambiri za CSS Profile zimaganizirabe, iliyonse mwanjira yake.

Kodi munachedwa kutichenjeza za ngongole?

Tivomere, nkhaniyi tinayenera kuinena kale. Kuyambira 1 Julaye 2026, ngongole ya boma ya makolo, Parent PLUS, ili ndi malire: $20,000 pa chaka ndi $65,000 yonse pa mwana mmodzi, kwa obwereka atsopano. Kale munkatha kubwereka zonse zotsala. Amene mumadalira njirayi muwerengenso.

Ofesi yanu ingatithandize bwanji?

Bwerani ndi mapepala a msonkho mwana asanalembetse. Tikhala nanu pa kompyuta n'kudzaza Net Price Calculator, yowerengera ndalama zimene mungalipire, ya sukulu iliyonse imene akuifuna. Chiwerengero chotulukapo n'chongoyerekeza. Chenicheni chimabwera m'kalata ya sukuluyo mwana akasankhidwa.