Kanyumba ka pageti la paki: mmene osamalira anasowera m'mapaki a ku England

Khonsolo ina ku England ikangolengeza kuti ikugulitsa kanyumba ka pageti la paki, mkangano wakale umabukanso. Okhala pafupi amafuna kuti mubwerere munthu wogona momwemo, akhonsolo amati ndalama zake palibe. Muzu wa nkhaniyi uli m'chaka cha 1988.

Kale paki ndi woyisamalira sizinkasiyana. Birkenhead Park, imene anaikonza Joseph Paxton n'kutsegulidwa mu 1847, inamangidwa ndi nyumba m'mageti mwake, ndipo Edward Kemp anaiyang'anira zaka zoposa 40. Lamulo la Public Health Act la 1875 litalola makhonsolo a m'matauni kukhazikitsa mapaki ndi kuika malamulo ake, panafunika munthu woona kuti akutsatidwa. Iye ndiye ankatsegula geti m'mawa ndi kulikhoma madzulo. Nyumba inali ya ntchito: ntchito ikatha, makiyi abwezedwe. Zinayenda choncho pafupifupi zaka 100.

Kenako boma la Margaret Thatcher linabweretsa lamulo la Local Government Act la 1988, lokakamiza makhonsolo kuika pampikisano ntchito monga kutaya zinyalala, kusesa misewu ndi kusamalira mabwalo. Antchito a khonsolo ankaloledwa kupikisana nawo, koma anayenera kupambana pamtengo. Tsono kuti ntchito ipikisanidwe, iyenera kulembedwa m'manambala: udzu utchetchedwe kangati pachaka, usapitirire msinkhu wanji, mabini akhuthulidwe kangati pasabata. Zonsezi zinalowa mu kontirakiti. Chimene chinakanika kulembedwa ndicho chinali mtima wa ntchitoyo: kuona kuti bawuti ya katungwe yakhwefuka mwana asanagwe, kudziwa kuti wophwanya benchi ndi mwana wa yani, nyale yoyaka pawindo usiku imene imabweza wakuba asanalumphe mpanda. Wopambana mpikisano ankaika gulu limodzi pagalimoto, lizungulire mapaki angapo patsiku, litchetche, lichoke.

Nyumba yopanda munthu siichedwa. Masamba amatseka ngalande za denga, madzi n'kulowa m'khoma, matabwa n'kuola. Akuba amazula mapaipi a kopa, mawindo amakhomedwa matabwa, ndipo pofika chaka choti ikonzedwe mtengo umakhala utakwera moti kugulitsa kumaoneka ngati nzeru.

Ena amati kuloza chala 1988 yokha n'kulakwa, ndipo ali ndi mfundo. Makhonsolo atakonzedwanso mu 1974, madipatimenti ambiri a mapaki anamezedwa ndi a zamasewera ndi zosangalatsa, ndipo ndalama zinayamba kuchepa kuyambira pamenepo. Palibenso lamulo lokakamiza khonsolo kukhala ndi paki, choncho bajeti ikathina mpeni umayambira kumeneko. Zodandaula za akhonsolo nazonso n'zenizeni: kukonza nyumba zakale n'kodula, munthu wokhala yekha usiku ali pachiopsezo, maola ake sadziwika pothera, ndipo kutulutsa nkhalamba m'nyumba imene yakhalamo zaka 30 itapuma pantchito n'kopweteka. Koma kuchepetsa anthu n'kwina, kufufuta udindo wonse m'mabuku n'kwinanso, ndipo chachiwirichi chinakula pambuyo pa 1988.

Umboni wa mbali zonse uyenera kuwerengedwa mosamala. Bungwe la CABE Space, lomwe linkalangiza boma pa za mapaki, limene mu 2005 linalimbikitsa kuti antchito abwerere m'mapaki, linali kale kumbali ya mapakiwo. Nawo manambala a makhonsolo amaonetsa malipiro amene anapulumutsidwa, pomwe zokonzera zimbudzi zophwanyidwa nthawi zambiri zimalembedwa patsamba lina.

Kuyambira 1996, bungwe logawa ndalama za lotale la Heritage Lottery Fund linathira ndalama zokonzanso mapaki, ndipo nyumba zambiri zinafoleredwanso. Mpikisano wokakamiza uja unathetsedwa mu 2000, koma maudindo sanabwerere. Komiti ya aphungu imene inafufuza za mapaki n'kutulutsa lipoti lake mu 2017 inavomereza kuti zinthu zafika poipa, komabe sinafune kuti kusamalira mapaki kukhale lamulo kwa makhonsolo. Zambiri mwa nyumba zokonzedwazo lero ndi maofesi kapena malo omwera khofi, ndipo madzulo wogulitsa amazimitsa nyale, kukhoma chitseko, n'kupita kwawo.