Webusaiti Ikamachedwa Mwa Apo ndi Apo

Pa ntchito yanga yokonza mawebusaiti, tsamba lomwe lafa kotheratu silindivuta, chifukwa gwero lake silibisala. Chondisowetsa tulo ndi tsamba lomwe limatseguka msanga kakhumi, kenaka n'kukhala masekondi 15 likungozungulira, ndipo pomwe mwiniwake akundiitana kuti ndidzaone, ilo layamba kale kuyenda bwino.

Gulu lina la alimi a thonje ku Ngabu lidandidandaulira kuti webusaiti yomwe amalembetserapo mamembala imachedwa m'mawa. Onse adali atagamula kale kuti vuto ndi netiweki, ndipo sindiwadzudzula, pakuti ife a kuno ku Chigwa cha Shire tikukumbukira mmene magetsi adavutira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Komabe kuganizira si kupeza, choncho ndidawapempha kuti kwa milungu iwiri azilemba m'kope tsiku, ola ndi mphindi yomwe tsambalo lachedwa, ndiponso kuti nthawi yomweyo aziliyesa pa foni ya TNM, pa ya Airtel ndi pa rauta (kachipangizo kogawa intaneti) ya mu ofesi. Ngati njira zitatu zonsezi zikuchedwa pamodzi pamene Facebook ikutseguka bwino, ndiye kuti vuto lili ku seva, kompyuta yomwe imasunga webusaitiyo. Ngati ikuchedwa ndi rauta yokha, muione pomwe yaikidwa, chifukwa rauta yokhala pawindo m'nyumba ya malata m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala imatha kufooka masana n'kudzatsitsimuka madzulo.

Nthawi yomwe munthu amadikira tsamba imagawika m'zidutswa, ndipo pa kompyuta mukadina F12 mu Chrome n'kusankha pa Network mumaziona zonse. Choyamba kompyuta imafunsa DNS, yomwe ili ngati buku la maadiresi a pa intaneti, kuti dzina la webusaiti lili pa nambala iti, kenaka imalumikizana ndi seva, ndipo pomaliza imadikira kuti sevayo ikonze yankho. Kutalika kwa mtunda, kaya seva ili ku Johannesburg kapena ku London, kumawonjezera kagawo kochepa ka sekondi kofanana ulendo uliwonse, motero sikungafotokoze kuchedwa kobwera n'kupita. Kuchedwa kwa masekondi 5 enieni mobwerezabwereza kumaloza ku DNS, popeza DNS ikapanda kuyankha, makompyuta oyendera pulogalamu ya Linux amadikira nthawi imeneyo asanafunse kwina.

Kope la alimi aja lidaulula zomwe maso athu adalephera kuona. Pafupifupi mizere yonse idagwa pakati pa 8:00 ndi 8:20 m'mawa, ndipo chidutswa chomwe chinkatalika chidali chodikira seva. Nditafufuza m'zolembedwa za sevayo ndidapeza kuti amene adaikhazikitsa adalamula kuti izikopera zonse za mu database (nkhokwe yomwe webusaiti imasungamo zolembedwa zake) nthawi ya 06:00, poganiza kuti anthu amakhala asanafike ku ntchito. Iye sadazindikire kuti wotchi ya sevayo imayendera UTC, nthawi yomwe dziko lonse limawerengerapo, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi. Kukoperako kunkatseka database panthawi yomwe mlembi wangotsegula ofesi, alimi ataima pamzere panja ndi ziphaso zawo.

Tidasunthira ntchitoyo pa 00:00 ya seva, yomwe kuno ndi 2 koloko usiku, ndipo ndidapempha mlembiyo kuti apitirize kulemba m'kopemo kwa milungu ina iwiri tisananene kuti vutolo latha.