Chizungulire: maso, khutu ndi mapazi zikasemphana

Kuti munthu aime kapena kuyenda osagwa, ubongo umamvera mbali 3 za thupi nthawi imodzi. Maso amauuza komwe kuli pansi ndi komwe kuli khoma. Mkatikati mwa khutu lililonse muli timachubu 3 tamadzi, tomwe timamva mutu ukatembenuka kapena kuwerama. Mapazi, minofu ndi mfundo za mafupa zimanena ngati mwaponda polimba kapena poterera. Ubongo umalumikiza zonsezi inu osadziwa n'komwe.

Zikasemphana, pamabwera chizungulire ndi nseru. Ambiri mumazidziwa bwino pa minibasi yotsetserekera ku Nkhata Bay, kapena pa makona a ku Chiweta popita ku Karonga. Mwaweramira foni, maso akuti mwakhala phee, pomwe khutu likumva kuti mukupendekera uku ndi uku. Ikani foni m'thumba, yang'anani kutali kutsogolo, tsegulani windo kuti mphepo ikupiteni.

Koma amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi agogo athu. Ukalamba umafooketsa mbali zonse 3, ndipo kwa odwala shuga mapazi amachita dzanzi mpaka osamva pomwe aponda. Masana maso amawathandiza. Usiku magetsi atazima, akupita kuchimbudzi pabwalo lomwe mvula ya kuno ku Mzuzu yalitereretsa, ubongo umasowa chouuza. Kugwa kotere kumathyola fupa la m'chiuno, ndipo ena sayendanso. Chonde asiyireni tochi pafupi ndi pogona, chotsani ndowa ndi nkhuni panjira, ndipo podzuka azikhala kaye tsonga pang'ono asanaimirire.

Kaonaneni ndi adokotala ngati chizungulire chikubwerabwera, makamaka potembenuka pogona, kapena ngati khutu likulira, likutuluka mafinya kapena lasiya kumva bwino. Tengani buku lanu lakuchipatala ndipo tchulani mankhwala onse omwe mukulandira, chifukwa ena, monga a BP, kwinini ndi jakisoni wa gentamicin, amatha kuyambitsa vutoli. Musawasiye panokha.

Chizungulire chikabwera mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka, dzanja kapena mwendo n'kufooka, mawu osamveka, zinthu n'kumaoneka ziwiriziwiri, kapena munthu n'kulephereratu kuyenda, ikhoza kukhala sitiroko. Musadikire kuti kuche, ndipo musamupatse chakudya kapena madzi chifukwa akhoza kutsamwa. Pezani galimoto nthawi yomweyo, mumutengere ku Mzuzu Central Hospital kapena kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, ndipo mukawauze achipatala nthawi yomwe zinayamba.