Simenti Siidziwa Kuti Alendo Ali ndi Tikiti ya Ndege

Ndatopa nawo mawu akuti "nyumba iyi anamanga ndi azungu, singagwe." Ndakalambira pa ntchito ya zomangamanga, koma sindinaonepo simenti ikufunsa pasipoti ya munthu amene wagwira fosholo.

Musandimve molakwa. Achinyamata ochokera ku Britain kapena America amene amadzamanga nyumba m'midzi mwathu amabwera ndi mtima wabwino, komanso ndalama za malata. Mabungwe okhazikika ngati Habitat for Humanity, amene ali m'dziko muno kuyambira 1986, amagwira ntchito ndi amisiri akonkuno. Amene ndikulimbana nawo ndi timagulu tongotulukira, kapitawo wake ali munthu amene wasankhidwa chifukwa amatha Chingerezi.

Mlendo ndi mame. Ali ndi masiku khumi okha, ndipo akufuna chithunzi cha nyumba yofolera asanakwere ndege. Simenti ilibe nazo ntchito zimenezo. Buloko kapena konkire imafuna kuthiriridwa masiku 7 osadumphitsa, ndipo mphamvu zake zimakwanira pakatha masiku 28. Ambiri amaganiza kuti simenti imalimba ikauma. Ayi! Imalimba ikamamwa madzi. Ikaumira padzuwa la Okutobala, yapsa basi.

Nyumba ya agogo ena ku Phalombe imandiwawabe mpaka lero. Dothi la pamalopo ndi makande, lija limatupa mvula ikagwa n'kung'ambika m'chilimwe, koma maziko anangokumba osafika ndi m'bondo momwe. Mabuloko anaumba Lolemba, pofika Lachinayi anali pakhoma. Mjigo unali kutali, ndiye madzi otunga amayi ankathera ku matope omangira, othirira panalibe. Bimu yomanga makoma onse pamwamba anaisiya, ati nthawi yatha. Penti yokha ndiye anapaka yokongola.

Mvula yoyamba itadutsa, mng'alu unayamba pakona ya windo kutsetsereka ngati masitepe. Agogowo anauona, koma anakhala chete chaka chathunthu. Nditawafunsa anati, "Mwanangu, chinthu chopatsidwa ungachinenere zoipa?" Apa m'pamene pamandipweteka. Mdzukulu wawo anakatenga mmisiri wina wa pamsika amene anangomata pulasitala pamwamba, n'kulandira ndalama ya mbuzi imene anagulitsa. Pamene ine ndinkafika, mng'alu unali utatsegukanso, dzanja langa likulowa, ndipo buloko ndinaikanda ndi chikhadabo ikuyoyoka ngati chigumu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khomalo. Mwayi wake onse anali atathawira kusukulu. Freddy anagwetsa ndi nyumba zolimba zomwe, sindikukana, koma khoma ili linkangodikira tsiku.

Ndiye inu amene munalandira nyumba zotere, chitseko chikayamba kukana kutsekeka, kapena mukaona mng'alu wopingasa woti ndalama yachitsulo n'kulowamo, musadikire kuti alendo adzabweranso chaka chamawa. Sabwera omwewo. Chongani ndi pensulo pamene mng'alu wathera, mulembe tsiku. Ukadutsa chizindikirocho, ndiye kuti maziko akuyenda, ndipo ana asagonenso m'chipinda chimenecho. Kauzeni bungwe limene linamanga, kapena a zomangamanga ku khonsolo ya boma lanu. Mmisiri amene wafika n'kunena kuti "tingomata" asanakumbe n'komwe kuti aone maziko, m'bwezeni. Mufunseni satifiketi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kapena akuonetseni nyumba imene anamanga yoti yapirira madzinja angapo.

Inunso a komiti ya mudzi, mukamva kuti alendo akubwera, umbani mabuloko ndi kuthira maziko kutatsala mwezi. Akafika apatseni wilibala, asefe mchenga, atunge madzi othirira, apatsire mabuloko. Koma levulo, chingwe ndi makona zisachoke m'manja mwa mmisiri, ngakhale alendowo anyamuke khoma lili m'mawindo.