Zotola za ku Nkhondo: Mmene Zinayambira Kusungidwa, ndi Mkangano wa Eni Ake

Pali chithunzi chimene Frank Hurley anajambula ku Belgium mu September 1917, nkhondo ya ku Polygon Wood itangozizira. Msilikali wa gulu la Australia, John Hines, yemwe anzake ankamutchula kuti Barney, wakhala ngati wamalonda amene wayala katundu. Kumutu wavala chipewa cha Mjeremani, m'manja akuwerenga ndalama, ndipo pomuzungulira pali zida ndi tizinthu mbwee, zonse zotola kwa adani. Chithunzicho chinamutchukitsa monga mfumu ya zotola, ndipo mpaka lero ndi chimodzi mwa zithunzi zodziwika kwambiri za asilikali a Australia pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse.

Hines anangoposa anzake, koma matenda otola anali a aliyense. Chimene asilikali ankachilakalaka kwambiri chinali pickelhaube, chipewa chachikopa cha Ajeremani chokhala ndi nsonga pamwamba. Mu 1916 Ajeremani anayamba kuchisiya n'kuvala chachitsulo, poti chikopa sichinkateteza mutu ku zidutswa za mabomba, ndipo kusowa kwakeko kunangochikweza mtengo. Ena ankatola mabatani a yunifolomu, malamba, mawotchi ndi makalata. Tisabise mawu apa: zambiri mwa zinthuzi zinkavulidwa pa mitembo kapena kulandidwa kwa akaidi. Zina zinali zopanga. Makoko amkuwa a mabomba a mizinga ankawasula n'kuwagoba maluwa ndi mayina a malo, kukhala zoikamo maluwa. Anthu ambiri amaganiza kuti zonsezi zinkasulidwa ndi asilikali ali m'ngalande, pamene zochuluka zinapangidwa kutali ndi komenyanirana, zina ndi anthu wamba a ku France ndi Belgium nkhondo itatha, kuti azigulitsa kwa anamfedwa obwera kudzaona manda.

Maboma nawo analowa m'ntchito yotola nkhondo isanathe n'komwe. Mu March 1917 nduna za Britain zinavomera maganizo a Sir Alfred Mond oti pakhale nyumba yosungiramo zinthu za nkhondoyo. Imeneyi ndi Imperial War Museum, yomwe inatsegulidwa ku Crystal Palace mu 1920, n'kusamukira ku Lambeth mu 1936, m'nyumba imene kale inali chipatala cha odwala misala cha Bethlem. Ena amati palibe malo ena oyenera kuposa pamenepo.

Koma kwa ine, amene anagwira mfundo yeniyeni ndi anthu a ku Australia. Mtolankhani Charles Bean, yemwe anayenda ndi asilikali kuyambira ku Gallipoli, anaona kuti abale a anyamata ofera ku Ulaya sadzatha kuwoloka nyanja kukaona manda, choncho pafunika kuwabweretsera kanthu kogwirika. Mu May 1917, molimbikitsidwa ndi iye, asilikali a Australia anakhazikitsa ku London nthambi yotolera zolemba ndi zinthu za nkhondo, ndipo mtsogoleri wake anali John Treloar, mnyamata wa zaka 22 zokha. Treloar anagawa timapepala kwa magulu a asilikali kuti chinthu chilichonse chotoledwa azichimangirira kapepala konena kumene chatoledwa, tsiku lake, ndi gulu limene lachitola. Kapepala n'kachabechabe, mvula ikhoza kukafufuta. Komabe n'kamene kamasiyanitsa chikwangwani chobooledwa ndi zipolopolo, chimene chinaima pamphambano yakutiyakuti tsiku lakutilakuti, ndi thabwa wamba lowola. Zotolazo n'zimene zinadzadza Australian War Memorial ku Canberra, yomwe inatsegulidwa pa 11 November 1941, nkhondo yachiwiri ili kale mkati.

Pa zonse zimene zimasungidwa, mendulo ndi imene imalankhula momveka. Mukatenga British War Medal ya nkhondo yoyamba, musataye nthawi ndi nkhope ya mfumu George V. Ipendekeni, muyang'ane m'mphepete. Mupeza tizilembo tokhomedwa: nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. Ndi mzere umodzi umenewo munthu akhoza kufufuza m'mabuku a boma mpaka kudziwa kumene mwini mendulo anamenyera nkhondo, kaya anavulala, kaya anabwerako. Mamendulo asiliva amenewa anaperekedwa oposa 6 miliyoni. Mabanja ofedwa ankalandiranso chimbale chamkuwa chachikulu ngati chikhatho, chimene anthu anachitcha tambala ya wakufa. Zinapangidwa zoposa miliyoni imodzi. Pachimbalecho pankalembedwa dzina lokha popanda udindo, kuti mkulu wa asilikali ndi msilikali wamba afanane pa imfa. Mabanja ena anachipachika pakhoma n'kumachipukuta mpaka zilembo kutha, ena anachibweza ku boma chifukwa cha mkwiyo.

Pa nkhondo yachiwiri Britain inapereka mamendulo ake opanda mayina, pomwe Australia, South Africa ndi India zinalemba mayina pa awo. Zotsatira zake aliyense wosonkhanitsa amazidziwa: mendulo yopanda dzina ikangotuluka m'nyumba ya mwini wake, yasanduka mwana wamasiye. Palibenso angaitsate.

Ndipo mamendulo amatulukadi m'nyumba. Agogo akamwalira, ana amagawana, wina iyi wina iyo, ndipo mamendulo a munthu mmodzi amabalalika. Ena amagulitsidwa chifukwa cha umphawi. Mtengo wa siliva utakwera kwambiri cha m'ma 1979 ndi 1980, mamendulo ambiri a nkhondo yoyamba anasungunulidwa pamodzi ndi mayina awo. Apa m'pamene osonkhanitsa amadziteteza akamanenedwa kuti akuchita malonda ndi magazi a anthu. Amati: ifeyo tikanapanda kugula, zikanathera m'ng'anjo kapena kudzala. Mbali ina akunena zoona, ndipo alipo ambiri amene amatha zaka akufunafuna mendulo yotayika kuti aiphatikize ndi zinzake. Koma msika uli ndi maso akeake. Umakonda ngwazi zotchuka, magulu otchuka ndi zinthu za chipani cha Nazi, ndipo pomwe pali ndalama pamabweranso zinthu zachinyengo. Mayiko sagwirizana pa nkhaniyi. Ku America malamulo amaletsa kugulitsa Medal of Honor, mendulo yawo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima pankhondo, pomwe ku Britain inzake yotero, Victoria Cross, imagulitsidwa poyera pa okushoni, moti Lord Ashcroft yekha anasonkhanitsa oposa 200. Ku Germany kuonetsa poyera zizindikiro za Nazi ndi mlandu, kupatula pophunzitsa, pofufuza ndi zina zotero.

Wina akhoza kufunsa kuti nanga tikuvutikiranji ndi zitsulo, mapepala a boma alipo? Chakudza sichiimba ng'oma. Mu September 1940 mabomba a Ajeremani anagwera nyumba yosungiramo mafayelo ku Arnside Street mu London, ndipo mafayelo oposa theka a asilikali a Britain a nkhondo yoyamba anapsa. Otsalawo ndi owauka m'mphepete, ena onyowa ndi madzi ozimitsira moto. Pa 12 July 1973 moto unabuka ku National Personnel Records Center ku St. Louis, ku America, n'kuwononga mafayelo a asilikali pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, opanda makope kwina kulikonse. Kwa mabanja ambiri, kalata yoiwalika m'sutikesi ndi imene inatsala ngati umboni wokhawo.

Chodabwitsa n'chakuti anthu anafulumira kusunga zipewa ndi mizinga, koma anazengereza kufunsa eni nkhondo. Mabuku ankalemba ndi akuluakulu a asilikali ndi ophunzira ochepa. Msilikali wamba anabwerera kwawo n'kutseka pakamwa, ndipo a kwawo sankafunsa. Zinthu zinayamba kusintha cha m'ma 1960, makina ojambulira mawu atafala. Mu 1964, patatha zaka 50 nkhondo itayamba, BBC inajambula asilikali akale mazana angapo pokonza pologalamu yake ya zigawo 26. Wolemba mbiri wa ku Britain, Peter Liddle, anayamba kuyendera nkhalambazo, kujambula mawu awo ndi kutolera makalata awo, ndipo zonsezo zili ku yunivesite ya Leeds. Imperial War Museum inatsegula nthambi ya mawu mu 1972, pamene anyamata a 1914 anali atapitirira zaka 70, ambiri atatsikira kale kulichete. Mawu a akulu akomadi akagonera, koma awa anagonera mopitirira.

Harry Patch, msilikali wa Britain amene anamenya nkhondo ku Passchendaele, ku Belgium, mu 1917, anakhala osanena za nkhondoyo mpaka atayandikira zaka 100. Anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 111. Claude Choules, womaliza mwa amene anamenya nawo nkhondo yoyamba, anamwalira ku Perth mu 2011. Amereka anatolapo phunziro: mu 2000 nyumba yawo ya malamulo inakhazikitsa Veterans History Project ku Library of Congress, kumene munthu wamba, ngakhale mdzukulu, amajambula msilikali wakale n'kutumiza mawuwo. Nkhani zimene zasungidwa kumeneko zaposa 100,000.

Mawu a nkhalamba nawo ali ndi zofooka zake. Munthu amasokoneza masiku, amaphatikiza nkhondo ziwiri kukhala imodzi, ndipo nthawi zina amanena zimene anawerenga pambuyo pake ngati kuti anaziona. Wofufuza wochenjera sataya mawuwo, amawaika pambali pa kalata ndi buku la tsiku ndi tsiku la gulu la asilikali. Ndipo kawirikawiri chinthu chogwirika n'chimene chimatsegula pakamwa. Mukafunsa munthu kuti nkhondo inali bwanji, angokuyankhani kuti inali yovuta. Muikeni m'manja kabuku kake ka malipiro, mumva za mnzake amene anamubwereka ndalama dzulo lake la imfa.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti chinthu chotengedwa kwa mdani n'chandani. Msilikali wa Japan akamapita kunkhondo ankapatsidwa mbendera ya dziko lake, imene abale, anansi ndi anzake a kuntchito ankalembapo mayina awo kuzungulira dzuwa lofiira lija. Imatchedwa yosegaki hinomaru, ndipo ankaipinda n'kuisunga pathupi. Asilikali a America ndi anzawo anatenga mbendera zotere zambirimbiri pa mitembo. Kwa iwo chinali chikho cha kupambana. Kwa mabanja a ku Japan, amene ambiri sanalandire ngakhale fupa limodzi la mwana wawo, mbenderayo ili ngati munthuyo. Mu 2009 Rex ndi Keiko Ziak anayambitsa ntchito imene lero imadziwika kuti Obon Society, ku Oregon, yowerenga mayina a pambendera n'kufufuza abale ake. Mu August 2017 Marvin Strombo, ali ndi zaka 93, anapita iye mwini ku mudzi wa Higashishirakawa ku Japan kukabweza mbendera imene anatenga ku Saipan mu 1944 pa mtembo wa Sadao Yasue. Azichemwali ndi mng'ono wa malemuyo anali akadali moyo. Kupatula nsaluyo, Strombo anawapatsa chimene boma linalephera kuwapatsa kwa zaka 73: anawauza malo amene m'bale wawo anagona ndi mmene anamupezera. Komabe mbendera zina zotere zikugulitsidwabe pa intaneti.

Ndiye pali ena amene alibe mendulo, alibe fayelo, ndipo palibe anawajambula mawu. Mu April 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ena sanakumbukiridwe n'komwe. Ambiri anali Aafirika, makamaka amtengatenga a nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, amene anasenza katundu wa asilikali pamutu n'kufa ndi njala ndi matenda. Bungwe lomwelo linkasema dzina la Mzungu aliyense, pamwala wakewake kapena pachipilala cha chikumbutso.

Pa 21 February 1917, m'bandakucha, kuli chifunga, sitima ya Mendi inagundidwa ndi sitima ina yotchedwa Darro pafupi ndi Isle of Wight. Inanyamula amuna akuda a South African Native Labour Corps opita ku France kukagwira ntchito za manja, poti boma lawo silinkalola munthu wakuda kugwira mfuti pomenyana ndi Azungu. Anthu oposa 600 anamira. Nkhondo itatha, boma la South Africa linakana kupereka mendulo kwa anthu ake akuda a m'gululo, opulumuka ndi akufa omwe. Nkhaniyi inasungidwa pakamwa, m'ndakatulo ndi m'misonkhano ya chikumbutso ya chaka ndi chaka.

Sitimayo inazindikiridwa pansi pa nyanja mu 1974, ndipo osambira anazulamo zinthu zambiri n'kukazisunga kunyumba kwawo. Belu lake linasowa, osadziwika amene analitenga. Mu 2017 munthu wina wosadzitchula dzina anaimbira foni mtolankhani wa BBC n'kumuuza kuti apite pa doko la Swanage m'mamawa. Atafika anapeza belu lokulungidwa m'thumba la pulasitiki, dzina loti Mendi litagobedwa m'mbali mwake. Panali kakalata kosonyeza kuti wolisungayo ankaopa kuti akamwalira belulo lidzatayika. Mu August 2018 Theresa May, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Britain, analipereka kwa Cyril Ramaphosa, pulezidenti wa South Africa, ku Cape Town, patadutsa zaka 101 chimirire sitimayo, mumzinda womwewo umene amuna aja anakwerera sitimayo.