Moto wa mumtima: mbiri ya qigong ya m'nyengo yotentha ku China

Mu Julayi, ife kuno tikufunda mabulangete awiri, ku Beijing kumakhala kukutentha koopsa. Koma mukalawira ku paki ya Temple of Heaven dzuwa lisanakwere, mupeza agogo ataima pansi pa mitengo, atatangadza miyendo, mawondo atapinda, manja ali pantchafu. Amapendeketsa mutu ndi chiuno uku ndi uku, pang'onopang'ono ngati munthu woyenda m'madzi ofika m'chifuwa. Imeneyi ndi qigong, njira ya ku China yolimbitsira thupi poliyendetsa pang'onopang'ono ndi kupuma mwadongosolo. Zomwe agogowa akuchita ndi kachitidwe kachisanu mwa 8 a mtundu wa qigong wotchedwa Baduanjin, ndipo dzina la kachitidweka limatanthauza kugwedeza mutu ndi mchira pofuna kuchotsa moto wa mumtima.

Moto wa mumtimawo uli ndi gwero lake. Buku lakale la zamankhwala la Huangdi Neijing, lomwe linasonkhanitsidwa zaka zoposa 2,000 zapitazo mu ulamuliro wa Han, limagwirizanitsa nyengo iliyonse ndi chiwalo cha m'thupi. Nyengo yotentha, yomwe pa kalendala yawo imayamba cha pa 5 Meyi, inapatsidwa moto ndi mtima. Malangizo ake ngomveka bwino: gona mochedwerako, dzuka m'mamawa, usadane ndi dzuwa, ndipo usasunge mkwiyo. Wonyozera zimenezi, likutero bukulo, amavulaza mtima, kenako nyengo yotsatira amagwidwa ndi kutentha thupi kobwerabwera, konga malungo. Lero tikudziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu, koma ine chimandigwira mtima n'chakuti asing'anga amenewo anaika mkwiyo pamodzi ndi tulo ndi dzuwa, monga zinthu zofunika kuzisamala mofanana kukatentha.

Zoti anthu ankalimbitsa thupi motere kalekale si nkhambakamwa ayi. Mu 1973 ofukula zakale ku Mawangdui, mumzinda wa Changsha, anatsegula manda omwe anatsekedwa mu 168 BC. Anapezamo nsalu ya silika yojambulidwa anthu 44, amuna ndi akazi, ena atawerama, ena atatambasula manja, wina atagwira ndodo. Nthawi imeneyo ankazitcha daoyin. Patapita zaka mazana angapo, Tao Hongjing, yemwe anamwalira mu 536, analemba za njira yotulutsa mpweya ndi mawu 6 osiyanasiyana. M'kachitidwe ka masiku ano liwu la mtima ndi "he", lotuluka chapakhosi, mofewa, ngati ukuuzira mpweya pagalasi. Mpaka pano aphunzitsi amaliika patsogolo kukatentha.

Dzina loti qigong lokha ndi limene linafala posachedwa. Analitchukitsa ndi Liu Guizhen m'zaka za m'ma 1950. Iye ankati anachira matenda a m'mimba kudzera m'njira zopumira zomwe anaphunzira kumudzi kwawo, ndipo boma linamulola kuthandiza odwala ku Tangshan, kenako ku Beidaihe, m'mphepete mwa nyanja. Zapemphero ndi zamizimu anazichotsamo kuti zikhale zachipatala. Pa chipwirikiti cha ndale chotchedwa Cultural Revolution, kuyambira 1966, qigong inaoneka ngati zamatsenga ndipo inabisala. Itabwerera m'ma 1980 mapaki anadzaza, kukabuka ndi ena odzitcha ochita zozizwitsa. Boma litaletsa Falun Gong, gulu la qigong lophatikiza ndi zauzimu, mu 1999, linayamba kuyang'anira nkhaniyi mwatcheru, ndipo mu 2003 linatulutsa mitundu inayi yovomerezeka. Baduanjin ndi mawu 6 aja zili momwemo.

Pa za nyengo yotentha mpomwe pali kusamvana kwenikweni. Akatswiri a nkhonya zachikhalidwe ali ndi mwambi wawo woti m'chisanu uziyeserera pa masiku ozizira kwambiri, kukatentha uziyeserera pa sanfu. Sanfu ndi masiku 30 kapena 40 otentha kuposa onse, kuyambira pakati pa Julayi mpaka mu Ogasiti. Kwa iwo, thupi limakhwima ukalimbana ndi nyengo. Asing'anga amayankha ndi chiphunzitso china chakale, choti thukuta ndi madzi a mtima, ndiye wolikhetsa mopitirira akudzikhetsera mphamvu. N'chifukwa chake amati kathukuta kapamphumi n'kokwanira, uchite m'mawa kapena madzulo pamthunzi, usathamangire madzi ozizira kwambiri ukangomaliza, ndipo pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko masana, yomwe amaiyesa nthawi ya mtima, ugoneko pang'ono.

Ine ndili kumbali ya asing'angawo. Munthu safunika kukhulupirira za qi, mphamvu ya moyo yomwe amati imayenda m'thupi, kuti aone kuti gogo wa zaka 75 wodwala mtima sangapirire dzuwa la masana ngati mnyamata wophunzira nkhonya. Agogo a m'mapaki a Beijing anatenga mbali zonse ziwiri: pa sanfu sajomba, koma dzuwa likayamba kuluma amakhala atanyamula kale mabotolo awo a tiyi, ali pa njira ya kunyumba.