Nyali ya check engine ikayaka pa Vitz, musathamangire kogula sipeya

Vitz ndi galimoto yomwe Toyota inayamba kugulitsa ku Japan mu 1999, ndipo ku Ulaya inkadziwika kuti Yaris. Inapangidwira misewu ya m'tauni: yaing'ono, yosavuta kupaka, yosamwa mafuta. Mtundu wachiwiri unatuluka mu 2005, wachitatu mu 2010, ndipo mu 2020 dzina loti Vitz linasiyidwa ku Japan komweko. Zambiri zomwe timaziona kuno ndi zakale zochokera ku Japan, zina zodzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe. Ambiri amakonda ya injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu. Injini imeneyi imanjenjemera pang'ono ikaima, ndipo ndi mmene inabadwira, si matenda.

Ife amakaniko timaona zambiri nyali yachikasu ija ikayaka. Wina amachotsa waya wa batire kuti izime, wina amamatapo tepi yakuda. Mukachotsa waya wa batire nyali imazimadi, koma mwafufuta uthenga womwe kompyuta ya galimoto inasunga. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16, ndipo tikalumikizapo makina owerengera, timaona nambala yomwe imayamba ndi chilembo cha P. Nambalayo imangotilozera mbali yomwe kwavuta. Siinena kuti gulani chakutichakuti.

Taonani P0171. Tanthauzo lake n'lakuti mpweya wachuluka kuposa muyezo poyerekeza ndi petulo. Ambiri akamva zimenezi amakagula sensa ya pa ekizozi, n'kudabwa nyali itayakanso mawa lake. Sensayo inali ikunena zoona. Kawirikawiri vuto limakhala kapaipi ka labala kong'ambika komwe kakulowetsa mpweya mwakuba, pampu ya mafuta yofooka, kapena sefa yotsekeka ndi zinyalala. Petulo wa m'zigubu, amene timagula mafuta akasowa, amathandizira kwambiri kutseka sefa ndi mainjekita. Pa injini ngati 1NZ-FE, fumbi likakuta sensa ya MAF, yomwe imayeza mpweya wolowa mu injini, nambala yomweyi imabwera, ndipo kuitsuka ndi mankhwala ake kumakwanira. Musaikhudze ndi chala kapena nsanza. Kawaya kake n'kopyapyala kwambiri.

P0301, P0302 ndi P0303 zimasonyeza silinda yomwe sikuwotcha bwino, ndipo nambala yomalizayo ndiyo silindayo. P0300 ndiye kuti vutolo likudumphadumpha. Apa makaniko wodziwa ntchito amasinthanitsa makoilo, tizipangizo topereka moto ku mapulagi: akachotsa ya pa silinda 2 n'kuiika pa 3, nambala ikasintha kukhala P0303, wolakwa ndi koilo. Ikapanda kusintha, ayang'ane pulagi, injekita kapena mphamvu ya silindayo. Kuyesaku sikudya ndalama ya sipeya. Koma nyali ikamaphethira m'malo mongoyaka, imani. Petulo wosapsa akupita ku ekizozi kukawotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Chipangizo chimenechi ndicho chimabweretsa P0420. Nthawi zina chimakhala chatha ndi ukalamba, koma muyambe mwasuzumira kunsi kwa galimoto. M'kati mwake muli zitsulo zodula monga platinum, choncho pali ena amene amachidula kapena kuchikolowola n'kuwotcherera bwinobwino mwini wake osadziwa. Mukaona chipsera cha kuwotcherera kwatsopano pa ekizozi, ndipo galimoto yayamba kulira mokweza ndi kununkha utsi, funsani komwe munaisiya komaliza.

P0335 ndi ya sensa ya crankshaft, yomwe imauza kompyuta mmene injini ikuzungulirira: galimoto imazima yokha ikatentha, kapena injini imangozungulira osalira. Muyambe mwaona mawaya ake, chifukwa makoswe amawakonda.

Makina ena otchipa olumikiza ku foni amakana kuwerenga Vitz zakale za ku Japan, ndiye akalephera musaganize kuti kompyuta yafa. Ndipo mukapita ku galaja, uzani makaniko akulembereni nambalayo papepala asanaifufute. Ikadzabweranso yomweyo mutalipira kale, mudzakhala ndi poyambira kukambirana naye.